Fomu ya ku Kapondo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Maphunziro aja oyeza ngati chitukuko chikuthandizadi anthu ndinawayamba pa boma. Lachinayi anatitumiza ku Kapondo kukayeserera kufunsa mafunso m'mabanja omwe bungwe lina limawapatsa phala la ana. Ine ndinapeza mayi wina akuswa mtedza pakhonde. Ndinawerenga funso la pafomu monga anatiphunzitsira, osasintha liwu ndi limodzi lomwe: "Kodi sikelo ya mwana wanu yakwera, yatsika, kapena ili pomwepo?"

Anati, "Tinamuika m'manda mwezi wathawu." Kenaka anandipatsa mtedza wodzaza manja.

Pafomupo panalibe polemba zimenezo. Nditabwerera ndinafunsa aphunzitsi athu, ndipo anati ndichonge pamene palembedwa kuti "anasiya pulogalamu". Ndinachonga. Anandiyamikira kuti fomu yanga ilibe zofufutafufuta. Mpunga wamasana ndinadya wonse, ndipo mpaka lero sindikumva kalikonse mumtima, achemwali.

Munditumizireko nsapato zolimba chifukwa midzi yoyenda yatsala yambiri. Muzindipempherera. Mtedza uja ukadali m'chikwama, kudya sindingathe, kutayanso ndikulephera.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike