Asumani Ali Padzuwa ku Mayfair

Amalume a Saidi,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali. Ife kuno ku Joni tikupumabe.

Ndamva kuti kumzikiti mumatamanda mwana wanu Kamal, ati akusunga abale ku Mayfair, dera la kuno ku Joni. Akusungadi! Mchimwene wanga Asumani, ndi khungu lake lachialubino lija, wamuika panja pa shopu kuti azigulitsa masokosi. Chilonda cha pakhutu chija achipatala ati ndi khansa ya pakhungu, ndipo anamuletsa kukhala padzuwa.

Nditapempha kuti azikhala mkati, Kamal anati, "Asisi, makasitomala angathawe fungo." Amayankhula akudzipopera perefyumu, bwana wamkulu! Kapu ya Asumani anaipatula ngati mbale ya galu. Koma Lachisanu ndiye woyamba pamzere wa swala, mkanjo uli mbee.

Asumani sadandaula. Amagonera mbali imodzi, ndipo mpira anasiya kukaonera chifukwa anthu amamuyang'anitsitsa. Lolemba adokotala anandiitanira pambali, koma zimenezo si zolemba m'kalata. Asumani mwini wake wangoti ndikufunseni ngati pafupi ndi pomwe tinaika amayi malo akadalipo.

Ndine mwana wanu,
Hanifa