Ndinanama M'dzina Lanu, Amalume

Kachulu, Zomba

Okondedwa Amalume a Edwadi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi akunyumba. Kuno tadzuka, mpunga wa ku Likangala wacha, mbalame zokha ndiye zatisowetsa mtendere. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mungandidule mawu.

Nkhani ndi ya alongo anu, amayi anga. Chiyambire Januwale, akamadya matemba ankati china chikuwakanda kummero, n'kumanamizira minga. Munthu wobadwira pa Chilwa minga n'kumuvuta miyezi itatu? Ine ndinakana. Ndinawakokera kuchipatala ku Zomba, kumeneko n'kutitumiza ku Blantyre.

Adokotala anawalowetsa m'kamwa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga. Atathira mankhwala, kummero konse kunada, kupatula kamalo kamodzi kotuwa, kochepa ngati chikhadabo. Anatapapo kanyama kukayeza. Inapezeka khansa, koma yongoyamba kumene, isanazike mizu. Anati akhoza kuisenda ndi kapaipi komweko, osang'amba munthu.

Mlandu wanga wagona apa. Amayi anati sangavomere mwinimbumba asanalankhule, ndipo mwinimbumba ndinu. Ndinakumbukiranso zomwe munalumbira pamaliro a agogo, omwe anawang'amba chifukwa cha matenda omwewa koma osapindula: kuti wa mbumba yanu sadzagonanso pansi pa mpeni. Foni yanu sinkapezeka masiku anayi. Ndinawanamiza amayi kuti mwavomera, iwo n'kudinda chala papepala, adokotala n'kuisenda khansayo.

Bodzalo landilemera, koma sindikunong'oneza bondo ayi. Agogo anafika mochedwa, amayi tawafikitsa nthawi ilipo. Lero akumeza bwinobwino, ayambiranso kundikalipira, ndiye dziwani kuti mphamvu zabwerera.

Dzana ndinawaululira. Anapsa mtima. Kenako anati kuchipatala sapondakonso mpaka amve mawu anu enieni, chonsecho adokotala akuwafuna pa 14 Ogasiti kuti akaunike ngati pamalopo sipanaphukenso kanthu.

Amalume, ine ndilangeni mmene mungafunire, kaya ndi nkhuku kaya ndi mbuzi ndidzagwada nayo. Koma aimbireni alongo anu tsikulo lisanafike. Ndikudziwa mutero, paja ukali wanu umathera pakamwa. Munawabereka kumbuyo ali khanda, simungawataye lero chifukwa cha bodza langa.

Mulungu akutchinjirizeni kuchilendoko. Mundiperekere moni kwa asuweni anga, Luka ndi Memory.

Ine mwana wanu wosamva,
Angella