Adada Akufuna Mwana Wamwamuna

Amayi anga, mukupeza bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Ine ndi bambo a Wezi tili bwino, zidzukulu zanu ziwiri zikukula. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Dedza, chifukwa nkhani ndili nayoyi ndikati ndiinene m'Chitumbuka cha Adada, anthu angayese ndikutukwana.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Lusungu wabereka mwana wamkazi ku Mzuzu, wamutcha dzina lanu. Khofi munadzala kuseri kwa nyumba ku Nchenachena uja wabala bwino chaka chino. Chimanga ndiye ayi. Phiri munkakatolako bowa lija anthu alilima mpaka pamwamba, mitengo yatha, ndipo mvula yoyamba inakokolola nthaka yonse kukaitaya kumtsinje. Kasupe wathu amaphwa Seputembala asanathe. Kuchipatala kumene ndinalowa ntchito yanu ya uzamba, amayi oyembekezera ena amagona pansi chifukwa mabedi ndi ochepa. Tachuluka, Amayi, pamene nthaka ndi yomwe ija munaisiya.

Wodziwa kufotokoza bwino zimenezi ndi amuna anu. Chipumireni pa uhedimasitala, Adada asanduka katswiri wa chiwerengero cha anthu. Kukakhala msonkhano ku Boma amawaitana. Amavala suti yabuluu munawagulira ija, n'kuimirira kutsogolo, chala m'mwamba, Chingerezi chili mbwee. Amati dziko likusauka chifukwa anthu osaphunzira akuswana ngati mbewa. Anthu amawomba m'manja, iwo n'kuwerama pang'ono ngati mkwati.

Ndiye tamvani za kunyumba kwa katswiriyo. Chaka chisanathe chikuikireni m'manda, anakwatira NyaHarawa, mtsikana amene anamuphunzitsa okha Sitandade 8. Ndi wamng'ono kwa Lusungu. Pa zaka zisanu wabereka ana anayi, onse aakazi. Imvi zija munkaziyamikira anayamba kuzipaka mankhwala akuda. Dzuwa likatentha, zakudazo zimayenderera ndi thukuta mpaka pakolala ya malaya, koma palibe wowauza, poti ndi aphunzitsi aakulu.

Ndivomere kulakwa kwanga. NyaHarawa ndinkamunyoza. Ndinkati anatsata suti ndi nyumba yamalata. Ndikapita kumudzi sindinkadya chakudya chake, akandipatsa moni atagwada ndinkangoti “yewo” ndikuyang'ana kumbali.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, matenda a mwana wachinayi anamuyamba masiku asanakwane. Anayamba kutaya magazi ali kumunda. Msewu wathu mukuudziwa mmene umatererera. Amayi anzake anamunyamula pa chitseko mpaka pamene galimoto imatha kufika. Adada tsiku limenelo anali ku Boma, kuphunzitsa anthu kulera. Mtsikanayo anafika m'manja mwanga zikhatho zitayera ngati ufa. Mwana anatuluka wamoyo, mayi wake tinamulanditsa movutikira. Adokotala anamuuza mosabisa kuti mimba ina idzakhala manda ake.

Atatsitsimuka anandigwira dzanja, n'kunena m'chiyankhulo chake, “Towera, navuka chomene.” Ndatopa kwambiri. Anapitiriza, “Sindinafune ana motsatizana chonchi. Ndikapempha kupuma, adada ako amati tiyese kamodzi kokha, mwina abwera wamwamuna. Ine sindikufuna kufa.”

Pomwepo ndinakumbukira mawu anu aja, oti ukwati ndi wa awiri koma pobereka umafa wekha. Ndinachita manyazi, Amayi. Zaka zonsezi ndinkanyoza munthu wolakwika.

Adada anatulukira mawa lake masana. Sanafunse kuti mkazi wawo ali bwanji. Ali pakhomo la wodi anandifunsa kuti, “Ndi wamwamuna?” Nditati ndi wamkazi, anayang'ana wotchi, amvekere minibasi ingawasiye. Mwanayo sanamusuzumire. Anasiya nthochi zitatu zokulunga m'chipepala cha kumsonkhano, chojambulidwa bambo, mayi ndi ana awiri akumwetulira. Ndinaseka ndekha m'khonde mpaka anamwino anzanga anayesa ndikulira.

NyaHarawa anasankha yekha kutseka kubereka. Ndinamufotokozera zonse kawiri, anasayina ndi dzanja lake. Patapita miyezi itatu anawauza amuna ake, poti sanafune kukhala ndi chinsinsi m'nyumba. Sabata yomweyo ndinaitanidwa ku Nchenachena.

Ndinawapeza pakhonde, pampando wawo wa ndalema, magalasi ali pamphuno. Ndinagwada.

“Wapha mtundu wa a Msiska,” anatero. “Iwe ndi mayi ako ndinu amodzi. Iyenso anandisiya ndi ana awiri aakazi, n'kudzitseka ngati botolo.”

Amayi, mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama. Inu munandiuza kuti pobadwa Lusungu munatsala pang'ono kupita, ndipo Adada analira pabondo panu kuti musadzayesenso. Lero aiwala.

Ndinati, “Adada, ana anu tilipo asanu ndi mmodzi. Kodi ife si anthu?”

“Inu mumakakwatiwa kwina. Ndikafa, munda uwu udzakhala wa ndani?”

Munda wake uja, Amayi, umene sutha kuwadyetsa kufika Disembala. Ndinafunsa mofatsa, “Nanga zimene mumaphunzitsa ku Boma zija?”

Anandiyang'ana ngati mwana amene walephera samu yosavuta. “Zija n'za anthu osaphunzira, amene satha kusamala ana awo.”

Akunena zimenezo, ana awo atatu anali pabwalo akulimbirana chinangwa chimodzi, tsitsi lofiirira, mimba zotupa. Inu munkati munthu wovala magalasi awiri ndi amene saona pakhomo pake.

Tsiku lomwelo anamuthamangitsa NyaHarawa. Mukudziwa mwambo wa kuno, kuti malowolo akaperekedwa ana ndi a bambo, ndipo mwamuna amalimbana mpaka kubwalo kuti asachoke. Adada sanalimbane. Anati, “Awatenge, ndi akazi okhaokha.” Kwawo kwa mtsikanayo alongo ake asanu akukanganirana kamunda kamodzi, malo ake kulibe. Ndiye ndinabwera nawo kuno. Nyumba ya namwino mukuidziwa, zipinda ziwiri. Ine amene ndinalera n'kubereka awiri okha, lero ndikugona ndi ana asanu ndi mmodzi, mphasa mpaka kukhitchini. Bambo a Wezi sadandaula, amangogula ufa wowonjezera. Mkamwini wanu ndi munthu, Amayi. NyaHarawa wayamba kunenepa, amaphika mandasi n'kumagulitsa pachipata cha sukulu. Masiku ano ndimadya zophika iye, ndipo amakometsa ndiwo kuposa ine.

Mungaganize kuti zathera pomwepo. Ayi. Adada alemba kalata ya masamba anayi, m'Chingerezi, kwa akulu a mpingo, kupempha kuti ukwati uthe chifukwa mkazi wawononga mtundu wawo. Azakhali awiri aja, amene ankakunenani kuti Mchewa wouma mimba, ayamba kale kuyenda ku Phwezi. Akuti kuli mtsikana amene anasiya sukulu Fomu 2, ndipo kwawo amabereka amuna okhaokha. Akusankha munthu ngati mmene amasankhira mbuzi yamkaka pamsika. Nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, yoti ikakwera chitunda cha kutchalitchi imapuma katatu, ikufuna kuyambanso matewera. Mwezi wathawu anakayankhulanso ku Boma, ndamva kuti anawomberedwa m'manja kuposa kale.

Akulu a mpingo akhala pansi Lachinayi likudzali. Adada andilemba ine ngati mboni yawo, kuti ndikavomere kuti ndinaona mkazi wawo akusayina popanda chilolezo chawo. Akudalira kuti mwana wamkazi sangachititse bambo ake manyazi pagulu. Lusungu akuti ndinamizire kudwala. Azakhali atumiza uthenga kuti ndikayankhula zambiri, ndisadzapondenso pamudzi, ngakhale kudzasesa pamanda anu. Zimenezo zokha ndi zimene zandisowetsa mtendere masiku ano.

Koma ndipita, Amayi. Ndikagwada bwinobwino, ndikawatchula Adada, mawu sindikakweza. Ndikavomera kuti ndinamuona NyaHarawa akusayina. Kenako ndikanena za chitseko chimene anamunyamulirapo, za magazi amene ndinakolopa ndekha, ndi funso limene Adada anafunsa pakhomo la wodi. Ndikatuluka m'menemo ndikwera galimoto ya ku Phwezi, ndikakhale pansi ndi mayi wa mtsikana wa Fomu 2 uja, ndimufunse ngati ali ndi mwana wotaya. Akandiletsa kufika pamanda anu, mudzadziwa kuti sikuti ndakuiwalani. Ndikukulonjezani kuti ang'ono anga anayiwa adzaphunzira onse, ndipo mayi wawo adzakalamba akuwaona.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu woyamba,
Towera