Boti loopa mvula

Lachinayi, mkati mwa Januwale

Ndatopa, msanawu ngati si wanga. Tsiku lonse ndinali ku Area 47, kuveka boti la bwana wina chophimba chimene ndasoka sabata yonseyi. Anachita kulikoka kuchokera ku Salima kuti ndiliyeze ngati munthu wosoketsa suti. Chakwana bwinobwino, popanda khwinya. Bwanayo anangogwedeza mutu n'kulowa m'nyumba.

Akuti botilo limatha miyezi lili padoko osayenda. Dzuwa limang'amba mipando, mbalame zimaipitsira, madzi a mvula amadzaza m'kati. Tenti wamba yomanga ndi zingwe inkangouluka ndi mphepo. Ndiye inde, chosoketsa n'chabwino, sindikutsutsa.

Pofika kuno ku Kawale mvula inali itayamba. Ndinapeza amake Fatuma akusuntha mphasa, mabeseni ali mbwee pansi, malata akudontha pogona ana penipeni.

"Bambo a Fatuma, ndiye mwati boti lija likuopa kunyowa?" anatero osandiyang'ana n'komwe. "Si limagona m'madzi limenelo?"

Ndinayamba kufotokoza za mipando ija, koma ndinangosiyira panjira.

"Chabwino. Nanga nsalu yotsala ili kuti? Paja munati tiyala padengapa."

Ndinaterodi. Koma bwanayo anagula yongokwanira, ndipo chimene chatsala n'kachidutswa konga chikhatho. Fatuma wakatenga, wafunditsa chidole chake chadongo.

Ndiye lero ogona pouma ndi awiri, boti ndi chidole. Enafe tiona mawa, ngati mvulayi…