Phala la apongozi

Lachinayi madzulo, mwezi wa Okutobala

Ku Chileka kuno kwatentha tsiku lonse, ndipo msanawu ukuchita ngati si wanga. Uno ndi mwezi wachitatu chiwatengereni apongozi ku Lirangwe atafa ziwalo mbali imodzi. Lero ndawasambitsa, ndachapa zofunda zomwe anaipitsira, kumjigo ndapitako kanayi. Zikomo wake ndi wakuti madzi anali ozizira.

Masana kunabwera amayi anzanga akumpingo kudzazonda matenda, mabulauzi ali mbee, ine ndili m'chitenje chonyowa. Anaimba nyimbo ziwiri, kupemphera, n'kumapita. Apongozi misozi ili mbwembwembwe, amvekere, "Awa ndiye Akhristu enieni." Nanga ine wotaya ndowa yawo ya mkodzo m'mawa uliwonse ndine ndani, wakunja?

Abusa amakonda kulalikira kuti Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira ake, a Yudasi omwe. Ambuye mundikhululukire, koma Inu munasambitsa tsiku limodzi lokha.

Madzulo ano ndinauza amuna anga, bambo a Chisomo, kuti amayi anuwo muwadyetse nokha, ine ndatopa. Atangowapatsa supuni yoyamba ya phala, apongozi anatembenuza nkhope. "Iwe ukundiwotcha. Itana amake Chisomo, iwowo amayamba auzira."

Ndinapita. Sanandiyang'ane, sanathokozenso, koma mbale yonse yatha. Kaya ndi mmene Mulungu amayankhira munthu wodandaula ngati ine, kaya. Mkwiyo sunathe ayi. Koma mawa ndiyamba ndawafunditsira madzi aja.