Chitseko cha golosale ya amalume

Lachinayi, 9 Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, koma mumtimamu muli zii.

Ndatera pa Chileka masana kuchokera ku Zanzibar, komwe ndinali pa maphunziro a kasamalidwe ka nyumba zakale. Kumeneko nyumba imodzi imakhala ndi khoma la miyala ya m'nyanja, chitseko chosema cha Aluya ndi khonde la Amwenye, ndipo palibe woigwetsa. Aphunzitsi anati amene ajambule nyumba yotero ya kwawo angathe kuitanidwanso kukagwira ntchito. Ine ntchito imeneyo ndikuifuna, zokhala pakhomo ndatopa nazo. Ndimadalira golosale ya amalume pa Lirangwe, yomwe anamanga Mmwenye kalekale, ya chitseko cha mlombwa chokhomedwa misomali yamkuwa.

Nditatsika minibasi ndapeza chitseko chachitsulo chobiriwira, khoma lonse atalipaka simenti.

"Mwafika a injiniya?" atero amalume akumwetulira. "Tinati musadzachite manyazi anzanu akunja akabwera. Taonani mmene pawaliramu."

"Nanga chitseko chija, amalume?"

"Chija chinkavuta kutseka. Tinaotchera njerwa za mpanda. Mlombwatu umayaka bwino."

Ndawathokoza, poti ndi zimene amadikira. Chithunzi cha chitseko chija ndilibe ngakhale chimodzi. Ndakula ndikuchikankha tsiku ndi tsiku, zochijambula sindinaziganizepo.

Madzulo ano aphunzitsi alemba pa foni kufunsa ngati ndafika bwino, komanso kuti zojambulazo ndiyamba liti. Ndangoyankha kuti ndafika bwino.