Msilikali amene watifolerera nyumba

Saint-Joachim, Okutobala 1764

Okondedwa achimwene a Barthélemy,

Ndikhulupirira muli bwino ku Falansa konko. Ife kuno kufupi ndi Quebec tikuthokoza Mulungu. Chisainireni mafumu pangano lija ku Paris, mizinga ili zii, ndipo tirigu takolola popanda wotiwotchera. Tsopano ndife anthu a mfumu ya Angelezi, koma Misa sanatiletse.

Nyumba yathu anatentha Angelezi ija yafoleredwa. Watithandiza ndi Lachlan, Msikoti amene anali msilikali wawo. Chifalansa chake n'chothyokathyoka, moti mwana wanga Josette amamuseka kuti, "Iwe, ukulankhula kapena uli ndi phala lotentha m'kamwa?" Iye amangoti, "Ndiye ndiphunzitse." Akuphunzitsanadi, achimwene, mpaka ansembe ayamba kundifunsa mafunso.

Sindinaiwale kuti mwana wanu Étienne anafera pankhondo ya ku Quebec, ndi kuti Asikoti analipo tsiku limenelo. Lachlan sindinamufunse kumene anaima. Ndaopa.

Josette akulakalaka atamva mawu anu Januwale asanafike, mwezi wa ukwati wake ndi Lachlan, koma mtsinje wathu ukaundana ndi chisanu zombo zimaleka kuyenda. Yankho lanu likatipeza mochedwa, chonde musatikwiyire.

Ndine mlongo wanu,
Ursule